Mwendo Wamanzere Wandichotsa pa Mpando

Lolemba
Bwana manijala agula galimoto ya otomatiki, akufuna dalaivala. Oyesedwa tilipo awiri: ine, amene ndakalambira pa lole ya masamba a tiyi, ndi a Likaka a thirakitala, amene laisensi atenga chaka chatha chomwechi. Mayeso ndi Lachisanu. Ndikapambana, fumbi la m'minda ndatsazikana nalo. A Nampinga, makaniko wathu, akuti andionetsa kayendetsedwe kake. Kundionetsa ine!

Lachiwiri
Kilatchi mulibe! Mwendo wamanzere ukuifunafuna, ukupeza buleki. Mphumi ya a Nampinga pagalasi, gu!
"Achimwene, mwendo umenewo muziusiya kunyumba."
Othyola tiyi aima ndi madengu kumsana, akuseka. Kapitawo wawo sakuwakalipira n'komwe, nayenso akuseka.

Lachitatu
Potsetsereka popita ku fakitale ndikuika giya pa N kuti mafuta asathe. Galimoto ikuthawa ngati yaba. Buleki ndikuponda mpaka pamlatho, tikutsika muli fungo la chopserera. A Nampinga akungondilembera papepala:
- potsika phiri ikani pa L, injini izigwira yokha
- N ayi
- N AYI
Pepalalo ndakulungira mandasi.

Lachinayi
Ndikuimika pachitunda cha ku ofesi. Ndaika pa P, handibuleki osakoka. Pochoka giya ikukana kusuntha. Ndikukoka ndi manja awiri mpaka pansi pakulira chitsulo. Akalaliki onse pawindo.
A Nampinga akuti, "Handibuleki kaye, P pambuyo. Galimoto yonse mwaitsamiritsa pa kachitsulo konga chala."
A Likaka akufunsa mafunso ngati mwana wa Sitandade 1, chilichonse "eya, eya." Zochititsa manyazi.
Kunyumba akazi anga, mayi a Gire, asita malaya oyera. Azimayi a kumpingo awauza kale kuti ndakwezedwa.

Lachisanu
Bwana ali kumbuyo, akuwerenga mapepala. Chitunda ndakwera bwino, inenso ndikudabwa. Kenako ndapitirira njira. Ndikubwerera m'mbuyo, ndikukankhira pa D galimoto isanaime. Yagwedezeka thupi lonse. Bwana akutsokomola. Potsika mbuzi ikudumpha msewu, mwendo wamanzere wadzuka wokha. Mapepala mbwee, magalasi a bwana pansi pa mpando wanga.
"Zikomo, adalaivala. Tsikani."
Ndikubwerera wapansi m'mizere ya tiyi. Akundidutsa a Likaka, pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, manja onse pachiwongolero. Kenako akukweza dzanja limodzi, kundibayibitsa.

Sabata
Kutchalitchi ku Makwasa. Mkulu wa mpingo akuyamika Mulungu chifukwa cha "m'bale wathu amene wakwezedwa pa ntchito." Mpingo wonse ameni. Mayi a Gire, amene zonse ndinawauza dzulo, maso ali m'buku la nyimbo, bukulo lotseka. Panja anthu akundigwira chanza. Mayi wina wokalamba akupempha kuti ndizidzawatengako popita kuchipatala. Ndavomera. Ndikanati chiyani?

Lamulungu
Mawa ndi lole, monga kale. Ovolosi ili pachingwe.
Masana kukubwera a Likaka, chipewa m'manja, ulemu wonse.
"Achimwene, mawa ndikupita ndi bwana ku Blantyre. Koma kulowa cham'mbuyo pakati pa magalimoto awiri sinditha."
Ndikuika zidebe ziwiri pabwalo ngati magalimoto, ndikuwapatsa wilibala.
Chowawa n'chakuti akumva msanga.