Mzukwa wa m'buku la Sitandade 3

Anzanga, pali manyazi ena oti munthu umangofa nawo chinunu, koma awa ndiwanene ndekha, chifukwa anyamata a ku Rawdat Al Khail kuno ku Doha akamawanena amathira mchere wambiri.

Nthawi imeneyo ndinali gadi ku Msheireb, kukadali fumbi ndi makireni okhaokha, ndipo tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Pochoka kumudzi ndinatenga kabuku kanga ka Chichewa ka Sitandade 3, kaja ka nthano zifupizifupi, chikuto chinachoka kalekale, masamba achikasu ngati mano a wosuta chingambwe. Tsiku la ofu ndinkamuwerengera mwana wanga Tadala pa foni ya vidiyo, ine ndili Doha iye ali ku Dedza, ndikumutembenuzira masamba kuti aone zithunzi. Tsiku lina mwana uja akuti, "Adadi, zithunzizi anajambula ndani?" Ndinasanthula buku lonse, dzina palibe. Chomwe chinalipo n'kansomba kakang'ono pakona pa chithunzi chilichonse, pena kabisala mu udzu, pena pa mwala. Ine, bambo wokhala kunja, ndingalephere funso la mwana? Ndinamulonjeza kuti ndipeza.

Ndinajambula masamba angapo n'kuponya pa gulupu yathu ya Amalawi a ku Qatar. Pa gulupupo pali bambo wina wodziwa zonse, za viza, za shuga, za mpira, ndiye anayankha osatha mphindi ziwiri kuti wojambulayo anali mzungu wina wa kumishoni, anamwalira kalekale, anamira m'madzi, n'chifukwa chake ankasaina ndi nsomba. Ine n'kumeza. Sindinadzifunse n'komwe kuti munthu amadziwa bwanji kuti adzamira mpaka kuyambiratu kusaina.

Madzulo ake tikudya ndinatsegula sukulu m'chipinda muja. Analipo onse, kuphatikizapo Che Imedi a ku Mangochi, dalaivala wa basi ya antchito a kuhotela, wachikulire kuposa tonse, mutu uli mbuu, bedi lawo lili pansi pa langa. Munthu wosayankhulayankhula. Ine buku m'manja, ndikufotokoza kuti Mmalawi wa nthawi imeneyo sakanajambula chonchi, uwu ndi mkono wa Ulaya, kungoti miyendo ya mbuzi ankaiphonya, zikuoneka kuti kwawoko mbuzi kulibe.

Che Imedi anafunsa chapansipansi, "Ndiye mukuti anamwalira?"

"Kalekale, Che Imedi. Khalas, zinatha."

"Pepani," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Lachisanu lotsatira kunagwa fumbi lija la kuno, dzuwa lofiira ngati bala, msewu uli zii masanasana. Ena anapita ku mzikiti, ena kumsika, ndinatsala ndekha ndi phokoso la eyakoni. Ndinatsegula buku pa chithunzi cha ana atatu akutunga madzi pachitsime. Chithunzi chimenecho ndachidziwa kuyambira ndili wa kabudula wong'ambika: ana atatu, ndowa ziwiri, mlambe kumbuyo. Koma tsiku limenelo pafupi ndi mlambe paja panaima munthu. Wamng'ono, wakutali, wopanda nkhope, wavala kepu. Ndinayang'ana mpaka maso kuchita misozi, kenako ndinadziuza kuti analipo kale, ine ndi amene sindinkaona. Koma ndinatseka bukulo pang'onopang'ono ngati mmene umatsekera chitseko cha wodwala.

Patapita masiku atatu ndinatsegulanso, mtima usakufuna. Tsamba lotsatira ndi la basi yotitimira m'matope, anthu akukankha. Munthu uja anali pamenepo, tsopano wayandikira, yunifomu ikuoneka, wayilesi pa phewa, makutu otambalala. Inu amene mumandidziwa, makutu otambalala ndi a ndani? Mizere yake yofanana ndi ya zithunzi zina zonse, dzanja lomwelo, ndipo pansi pa nsapato yake panali kansomba.

Ndinaika Baibulo pamwamba pa bukulo. Ndinaba mchere wa kukhitchini n'kuwaza pa shelefu, anzanga akudandaula kuti ndiwo zikusowa mchere ine ndili phee. Tadala akafunsa za buku ndinkati netiweki ikuvuta. Kuntchito ndiye kunaipa: tsiku lina masana ndinaona munthu wa kepu ataima chilili mkati mwa nyumba yosatha, akundiyang'ana, ndinasiya geti n'kuthamanga mpaka ku ofesi, supavaiza atabwera kudzaona anapeza kuti ndi galasi lalikulu limene anali atangoliimika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti ndikadzasiyanso geti andilembera lipoti, ndipo lipoti kuno mukudziwa kumene limathera, ndi ku eyapoti.

Kachitatu ndinachotsa Baibulo kuti ndione ngati mchere wagwira ntchito. Chithunzi cha m'kalasi, ana ali pansi, aphunzitsi ali pa bolodi. Pawindo panali nkhope ikusuzumira. Nkhope yanga, anzanga, mpaka mpata wa mano akutsogolowu. Ndipo sinkayang'ana ana aja, inkayang'ana ine wowerengane.

M'mawa popita ku shifiti ndinalikulunga m'majumbo awiri, kumanga mfundo zitatu, n'kukaponya mu bini yaikulu ya kuseri kwa nyumba. Buku lomwe ndinalisunga zaka zonsezi. Ndinaliuza kuti pepani bambo mzungu, ngati ndi za mbuzi zija ndabweza mawu.

Ndinaweruka cha m'ma folo koloko, mtima uli mbee. Ndinasamba ndikuimba, n'kulowa m'chipinda ndili ndi thaulo lokha. M'chipinda munalibe munthu. Pa pilo wanga panali buku lija, lotsegula pa tsamba lomaliza, lomwe kale linali loyera. Pamenepo panali ine, nditawerama pa bini, jumbo m'manja, ndikucheuka ngati mbava. Ndinakhudza kansomba ka pakona ndi chala, chala chinada. Inki inali isanaume.

Mmene ndinatulukira sindikudziwa. Ndimangokumbuka masitepe, mapazi onyowa akutereka, dzanja limodzi pa thaulo, pakamwa pakutuluka mavesi osakanikirana ndi nyimbo ya fuko. Anzathu a ku Nepal a chipinda choyandikana anatuluka poganiza kuti ndi moto, a ku Uganda akufunsa kuti apolisi abwera kodi, onse n'kumanditsata pambuyo osadziwa chomwe akuthawa.

Pansi pa masitepe ndinapeza Che Imedi atakhala pa katoni, akumwa tiyi wa karaki m'kapu ya pepala, bolopeni yakuda kukhutu. Ndinawagwira mkono.

"Che Imedi, musakwere. Mzungu uja ali m'chipinda."

Anamaliza tiyi, anachotsa bolopeni kukhutu, n'kulemba pa kapu paja mizere inayi yokha osayang'ana n'komwe. Anandipatsa. Kansomba.

Mukuganiza kuti pamenepo ndinazindikira? Ayi ndithu. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuuza khamu lonse lija m'Chingerezi changa chothyoka kuti mzimu wawalowa madalawa, aliyense asawakhudze. Ndinafika powasanjika dzanja pamutu, munthu woswali kasanu pa tsiku, wamkulu ngati bambo anga.

Anachotsa dzanja langa mwaulemu. "Bambo a Tadala, khalani pansi. Ndipo mangani thaulolo."

Ndinakhala pa sitepe. Anandifotokozera kuti ali mnyamata ankagwira ntchito pa malo ena osindikizira mabuku ku Blantyre, kusesa ndi kusakaniza inki. Abwana anawapeza akujambula pa mapepala otaya, ndiye anawapatsa nthano zonse za buku lija kuti azijambule. Buku litatuluka dzina lawo munalibe, poti wosesa salembedwa m'buku, koma iwo anali atabisamo kale nsomba, chifukwa bambo awo anali msodzi. Buku langa ankalitenga masana ine ndili kuntchito, pakati pa ulendo wa basi wam'mawa ndi wamadzulo, ndipo m'mawa umenewo anandiona pawindo la kukhitchini ndikuponya mu bini.

"Zaka zonsezi palibe anafunsapo kuti anajambula ndani," anatero akuzunguza bolopeni ija m'manja. "Woyamba ndi mwana wanuyo. Ndinamva ndili pabedi, ndinafuna kuyankha, koma ndinati bambo ake ayambe afufuza." Anabwezera bolopeni kukhutu. "Mbuzi kwathu zilipo. Miyendo yokha mwanena zoona, ndinali ndisanakhwime."

Ine maso pansi, anthu a mayiko atatu atandizungulira, wina akumasulira mnzake, kuseka kukuyenda pang'onopang'ono kukwera masitepe. Ndinangoti, "Nanga Che Imedi, bwanji osangondiuza tsiku lomwe lija?"

"Ndikuuzeni bwanji? Munandisandutsa mzungu, munandipha, munandimiza m'madzi anthu akuona. Nanga womwalira ali ndi ntchito yanji ina, kupatula kuvutitsa amoyo?"

Lachisanu lake ndinawapatsa foni ayankhule okha ndi Tadala, ine nditakhala pambali ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Kuyambira pamenepo ndinalumbira: ndisanalengeze maliro a munthu aliyense, ndimayamba ndasuzumira pa bedi lapansi n'kufunsa ngati malemuwo akuvomereza.