Msonkhano wa Mphenzi ku Bangwe

Nkhani iyi akazi anga amandiletsa kuinena pagulu. Koma poti Bangwe yense anaimva kale, bola muimve kuchokera kwa mwini manyazi.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Zaka zimenezo kunabuka anyamata ndi atsikana a malaputopu, amene Loweruka lililonse ankasonkhana mu holo ya tchalitchi n'kumakambirana za makompyuta. Ine ndinali wowanyoza nambala wani. Aliyense wobwera kudzayesa thalauza ndinkamuuza kuti, "Ana awa angokhuta Chizungu. Mipope yauma, magetsi akuthimathima, iwo ali kalikiliki ndi ma app!"

Ndiye mvula ina ya mu Januwale, mphenzi inandiotchera TV. Phuu! Utsi tolotolo. Mpira ndinayamba kukaonera kwa aneba, bambo wamkulu ine, n'kumakhala pa ndowa.

Sabata yomweyo ndinaona posita ya ana a malaputopu aja pa siteji ya minibasi: LIGHTNING TALKS, FREE ENTRY. Chizungu changa n'cha Fomu 2, koma lightning ndimaidziwa. Ndinathamangira kunyumba.

"Mayi a Tadala, ana aja ayamba kuganiza! Loweruka akukamba za mphenzi!"

"Si inu mumati ndi otaya nthawi?"

"Munthu amasintha. Ndisitireni jekete."

Loweruka ndinakhala mpando wakutsogolo penipeni. MC anali mtsikana wamagalasi, dzina lake Chisomo, kabelu kali m'manja.

Woyamba kulankhula anakamba zotumiza mitengo ya tomato pa SMS. Asanapite patali, ngrii! Kabelu. Iye n'kukakhala pansi. Ndinati chabwino, ameneyu ndi kalambulabwalo chabe.

Wachiwiri anati, "Lero ndikamba za cloud."

Ndinakhala tsonga n'kukodola mayi amene ndinayandikana nawo. "Mwamva? Mitambo! Tayandikira!"

Koma mitambo yakeyo inali yosungamo zithunzi zaukwati. Ngrii!

Wachitatu anali mkulu wina wamtali, wandevu. Anayamba ndi mawu akuti, "Chimene chikuwononga makompyuta mu Blantyre muno ndi flash."

Flash, si kung'anima kwa mphenzi kumeneko? Ndinaomba m'manja ndekhandekha. "Zoona! Nenani, achimwene! Ngakhale ma TV!"

Iye anandiyang'ana modabwa, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa kanthu konga chala. Akuti kameneko ndiye flash, kamafalitsa mavairasi m'ma internet café. Ngrii!

Apa mtima unandiwira. Ndinaimirira.

"A MC, ndili ndi mawu!"

Chisomo anaona jekete lija n'kuyesa kuti nanenso ndine katswiri. "Eee, tiwaombere m'manja ankolo! Bwerani kutsogolo kuno." Ndipo anandipatsa maiki.

Abale, telala amakhala tsiku lonse akulankhula ndi makina osayankha. Musamupatse maiki.

"Ana inu," ndinayamba motero, "ichi n'chifukwa chake anthu amanyoza misonkhano yanuyi. Mumalemba zina, mumakamba zina! Posita ikuti mphenzi. Ine ndamva za tomato, za zithunzi, za kachala. Mphenzi ili kuti?"

Holo yonse inati zii. Ndinati eya, mfundo yalowa.

Ndinawafotokozera za TV yanga, mmene inalilira ndi mmene inanunkhira. Ndinawauza za mbuzi ya amalume kwathu ku Nsanje, imene inaombedwa ndi mphenzi ili pansi pa mtengo, pakamwa pali udzu. Ndinawachenjeza za malaya ofiira nthawi yamvula, ndiponso zophimba kalilole.

Ngrii!

"Mwanawe, kabeluko kaimbire anzako. Ine ndekha ndi amene ndili pa mutu wa msonkhano!"

Ngrii! Ngrii!

Anthu anayamba kugwira nthiti. Wa cloud uja anali atawerama, mapewa akugwedezeka. Mafoni anali m'mwamba kundijambula. Ine ndinkati akusunga nzeru, ndiye ndinawonjeza moto n'kulowa nkhani ya mabingu.

Potsiriza Chisomo anabwera pafupi, napinda maondo mwaulemu, n'kundinong'oneza. Tsoka lake, maiki inali pakamwa pathu tonse awiri.

"Ankolo, pepani. Lightning talk si nkhani ya mphenzi ayi. Ndi kulankhula mwachidule, kungoti ng'ani ngati mphenzi, basi watha."

Mawu amenewo anatuluka m'masipika onse, mpaka amayi ogulitsa mandasi panja anamva. Ndinayang'ana chitseko, chinali kutali ngati ku Limbe. Jekete linasanduka bulangete.

Kenako wandevu uja anaimirira, akupukuta misozi.

"Ankolo, musadandaule, TV yanuyo ndibwera ndidzaione mawa tikaweruka ku tchalitchi. Kungoti ife timayembekezera mphenzi, koma inu mwatigwetsera mvumbi!"

Holo inaphulika. Mpaka lero ana amenewo amabweretsa mathalauza awo kwa ine, ndipo amayambira patali kukuwa: "A Mvumbi, mwaswera bwanji?"

Chizungu cha Fomu 2 chimakufikitsa pa holo, koma sichikuuza nthawi yokhala pansi.