Mmene ndinapemphera nzeru kwa makina ojambula mawu

Anzanga, musamapatse munthu wa Sitandade Folo nyuzipepala, mudzamupha ndi manyazi! Ine ndi umboni.

Anali masiku a Chitaganya, ndili pa chikamwini kumudzi kwa mkazi wanga Tisauke, kufupi ndi Sinda. Zaka zitatu ndikulima munda wa mtedza wa apongozi, mtima wonse uli kwathu ku Vubwi. Ndinkafuna kupempha chitengwa kuti ndimtenge mkazi wanga tikakhale kwathu, koma poyambira mpomwe panalibe. Apongozi siolankhula nawo maso ndi maso, mukakumana panjira umalowa patchire.

Tsiku lina ndinagula sopo kwa Mmwenye ku Katete, ndipo anandikulungira m'nyuzipepala. Ndiwerenge, akuti ku Amerika apanga makina oganiza ngati munthu. Basi, mudzi wonse unandimva! Pamowa, pachitsime, ngakhale pamaliro, ine nkhani inali yomweyo. Ndinafika polonjeza kuti chaka chamawa makina olima okha afika pa Sinda, makasu tidzataya.

Ndiye kunabwera anthu a wailesi pa galimoto kudzajambula nyimbo za amayi zapamtondo. Anali ndi bokosi lamawilo awiri pamwamba, ndi kachitsulo koimbiramo. Anthu onse anacheukira kwa ine, katswiri wawo, ine nkugwedeza mutu.

"Ndi omwewo," ndinatero. "Awa ndi ana ake chabe, koma nzeru ndi zomwezo."

Amayi ataimba, alendo anaitanidwa kukadya, ndipo mkulu wawo, a Zulu, anandipempha kuti ndilondere bokosilo pansi pa mtengo wa mango. Ndinayang'ana uku ndi uku, kulibe munthu. Mumtima ndinati mwayi ngati uwu ubweranso liti? Ndinadina pomwe ndinaona a Zulu akudina, mawilo nkuyamba kuzungulira. Eya, adzuka, akuganiza!

Ndinavula chipewa, nkugwada, nkuomba m'manja.

"Zikomo achikulire, ndine Yohane, mkamwini pamudzi pano. Ndithandizeni nzeru."

Zii. Ndinati mwina akufuna amve mlandu wonse, paja akuluakulu sayankha msanga. Ndiye ndinamasula thumba lonse. Ndinati apongozi anga amandilimitsa ngati ng'ombe, mowa wawo ndi wowawasa koma timangoyamikira chifukwa cha mantha, ndipo akamaimba m'tchalitchi ngakhale mbuzi zimasamuka. Ndinawayeserera ndi kaimbidwe komwe, anzanga, vesi yathunthu! Pomaliza ndinafunsa kuti ndinene chiyani kuti andipatse mkazi wanga ndithawe.

Mawilo ankangozungulira. Nditaona anthu akubwera ndinadinanso msanga, nkukhala mwaulemu ngati palibe chachitika.

"Tsopano amayi, mverani mawu anu," anatero a Zulu, akubweza mawilo.

Nyimbo inamveka bwino, amayi nthungululu, apongozi ali kutsogolo penipeni akumwetulira. Nyimbo itatha, a Zulu anachedwa kuzimitsa. Kodi si ine uyo? "Zikomo achikulire, ndine Yohane..."

Mayo ine! Ndinalumpha nkugwada pabokosi paja. "Pepani achikulire, zija zinali za ife awiri!" Koma linamva? Linapitiriza, ng'ombe, mowa, mbuzi, osasiyako ndi liwu limodzi. Pofika pa vesi ija anthu anali akugubuduka pansi, Tisauke wafunda chitenje kumutu, a Zulu akupukuta misozi.

"Bambo, ili siliganiza," anatero. "Limangobweza zomwe mwalipatsa. Nzeru zake nzofanana ndi za chipanda."

Ndikanakonda nthaka ing'ambike. Apongozi sanaseke, sanakalipe, anangonyamuka nkupita.

M'mawa mwake kunabwera amalume a Tisauke ndi uthenga. Anakhala pampando, nkutsokomola kaye.

"Apongozi anu akuti pempho lanu alimva, ndi mudzi wonse walimva. Akuti chitengwa avomera."

Ine ndinayamba kale kuomba m'manja.

"Akuti munalonjeza kuti makina olima okha afika chaka chamawa. Tsiku lomwe adzalowe m'munda mwawo, mudzanyamule mkazi wanu. Podikira, khasu lanu lili pakhonde."

Anzanga, papita zaka zinayi. Ndikapita ku Katete ndimasuzumira m'galimoto iliyonse yochokera ku Lusaka, koma imangotsitsa mchere ndi makasu atsopano. Ndinalumbira kuti chinthu chilichonse chokhala ndi waya sindidzachiuzanso zakukhosi. Ngakhale njinga yanga ikaphwa mpweya, ndimapopa chamumtima.