Lole Imene Inamezedwa ndi Nkhuku

Iwe ukusekawe, unayamba wagwirapo cholembera choti ukalemba, zinthu n'kumamvera? Khala pansi. Ine Gelevazio ndinali kalaliki pa kampani yocheka matabwa m'tsinde mwa phiri la Dedza, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Kampani yathuyo inali kamwana chabe, make anali kutsidya kwa nyanja. Chaka china makeyo anatumiza chibuku cha malamulo atsopano, akuti ana ake onse padziko lapansi aziwerengera chuma mofanana. Chibukucho chinabwera pangolo, ng'ombe zinayi mpaka kugwada.

Abwana anati ndikalephera kutsata malamulowo, ntchito yatha. Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa ndinali mkamwini ku Bembeke, ndipo apongozi ankandisunga chifukwa cha malipiro basi, khasu ankadziwa kuti sindilitha.

Lamulo lina linkati katundu aliyense azitsitsidwa mtengo m'buku chaka ndi chaka. Ine changu chinandipweteka. Ndinati kudikiriranji chaka, ndizitsitsa tsiku ndi tsiku, azungu adziwe kuti ku Dedza kuli amuna. Ndinayamba ndi lole ya kampani. Ndatsitsa Lolemba, Lachiwiri lole yafupika ngati ngolo, adalaivala akuyendetsa mawondo ali m'makutu. Ndatsitsanso, Lachitatu yafanana ndi wilibala koma ikulirabe, ikufukabe utsi, ikutsikabe phiri ndi thabwa limodzi. Pofika Lachisanu, mukumva, tinkaiimika m'bokosi la machesi kuopa mvula, ndipo Loweruka ndikuipukuta fumbi pakhonde, nkhuku yanga inangobwera n'kuijompha, n'kumeza! Ngati ndikunama mphezi indiwombe. Nkhukuyo inayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, ikuliza hutala, mazira ake akununkha dizilo.

Wofufuza mabuku atabwera kuchokera ku Blantyre, ndinamuonetsa tsamba la lole, mtengo uli pa ziro mwalamulo, ndinamufotokozeranso za nkhuku. Iye anavula magalasi.

"A Gelevazio, nanga lole ikunyamula kabichi ku Linthipe ija, yopakidwa penti watsopano, ndi ya yani?"

Mwano wake umenewo! Anandichotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo pofika ku Bembeke ndinapeza apongozi andiikira kale mphasa ndi njinga kunja kwa mpanda. Zinandiwawa, mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ine lole sindinagulitse. Munthu wa ku Linthipeyo ndinamugulitsa nkhuku, yokwera mtengo inde, koma nkhuku. Tsono ngati inakaikira lole kumeneko, mlandu ndi wanga?