Kusaka Yunivesite Yopanda Achibale

Lolemba

Pulani yanga ndi iyi, ndipo ndikuilemba kuti ndisabwerere m'mbuyo: ndisankha yunivesite ya kumene kulibe m'bale wathu. Olo mmodzi. Ngakhale uja wongoti agogo ake ankapemphana mchere ndi agogo athu.

Mayeso a Fomu 4 ndakhoza bwino, ndipo kusankha kutsekedwa Lachisanu. Anzanga akufunsa za maphunziro, ine ndikufunsa za achibale. Ndili ndi chifukwa. Sekondale yonse ndinachoka kuno ku Ligowe kukakhala kwa azakhali ku Lisungwi. Belu loweruka likalira, anzanga ku gulu la zisudzo, ine ku mjigo. Iwo akuyeserera sewero, ine mwana wa azakhali kumsana, ndiwo pamoto. Sewero ndinalowako kamodzi kokha. Ndinali mtembo, chifukwa mtembo safunika kubwera ku zoyeserera.

Zimene ndikufuna ku yunivesite:
kugona ku hositelo;
kulowa gulu la zisudzo, gawo lolankhula;
kudzuka popanda wondifunsa ngati ndasesa.

Ndayamba ndi Zomba, kumene zisudzo amachita kuphunzitsa m'kalasi. Ndauza amayi tikukumba mbatata ya kachewere. Aponya khasu pansi. "Zomba! Mulungu ndi wabwino. Kuli a Nachisale, mwana wa amayi anga aang'ono. Angobereka kumene mapasa, akusowa wowathandiza."

Mapasa! Zomba yagwa dzuwa lisanafike pamutu.

Lachiwiri

Blantyre. Mzinda waukulu, munthu atha kusowamo bwinobwino.

Cholakwa changa n'chakuti ndanenera pakhonde, amalume ali pomwepo akukonza tcheni cha njinga. Sanatukule n'komwe mutu. "Ku Blantyre usade nkhawa. Ku Ndirande tili nawo, ku Bangwe tili nawo, ku Machinjiri ndiye mudzi wonse." Kenako ayamba kukangana ndi amayi kuti ndikakhale kwa ndani. Wa ku Bangwe ali ndi okala, ndipo amalume akuti ndi bwino kumeneko, "kuti ukaweruka usamangokhala."

Kungokhala! Ine ndakhala ndikulota kungokhala kuyambira Fomu 1.

Ndaphunzirapo kanthu. Osatchula malo kaye. Kuyamba ndafunsa mozungulira, ngati munthu amene alibe nazo ntchito.

Lachitatu

M'mawa, ndikupeta nyemba, mawu ozizira bwino: "Kodi amayi, ku Lilongwe kuli wathu?"

Aganiza nthawi yaitali. Awerenga zala. "Ayi, kumeneko kulibe."

KULIBE! Ndatsala pang'ono kutaya lichero. Zoona, yunivesite yake ndi ya zaulimi, kutanthauza kuti ndikuthawa munda kukaphunzira munda. Zilibe kanthu. Masana onse ndili kuseri kwa khola, kuyeserera kulira kwa mkazi wamasiye, mbuzi zikundiyang'ana. Ndikuona kuti luso lilipo.

Madzulo amalume atulukira. Amayi awauza kale, monga mwa nthawi zonse. "Achemwali, mwaiwala a Biliati?"

A Biliati! Msuweni wawo amene anachoka kuno ine ndisanabadwe, atakangana ndi amalume pa nkhani ya malire a munda. Dzina lawo silitchulidwa pakhomo pano. Lero latchulidwa. Amalume akuti chidani chakhalitsa, ndipo sukulu ya mwanayu ndi mpata woyanjanirana. Apempha nambala kwa a mpingo, akwera pa chulu pomwe netiweki imagwira, aimba. Ndikumva ali chifuulire: "Zakale zapita, achimwene! Tikukutumizirani mwana!" Amayi akupukuta misozi ndi chitenje. Ine ndikuliranso, koma zanga ndi zina.

Ndayanjanitsa banja. Lilongwe yagwa.

Lachinayi

Thyolo sindinavutike nayo. Theka la mudzi uno linapita kukathyola tiyi kumeneko. Amayi angoseka: "Iwe, abambo ako anabadwira kuti?"

Kwatsala Mzuzu. Kumpoto, kutali, basi ya tsiku lonse. Koma sindikhulupiriranso zala za amayi.

Mwayi wake lero tikumanga chiliza cha agogo, ndipo mtundu wonse wasonkhana, mpaka ochokera ku Luwani. Ndadzipereka kugawa thobwa. Anthu akudabwa kuti mtsikanayu wayamba liti khama. Aliyense ndikamugwadira ndi chikho ndikumufunsa chapansipansi ngati ku Mzuzu akudziwako munthu.

Mayankho:
"Ayi mwanawe."
"Kumazizira kuposa kuno, ndinangomva."
"Mzuzu? N'kunja eti?"

Gogo wina anati mlamu wake anapitako, mtima wanga n'kuima. Kenako anati ayi, kunali ku Mwanza.

Mabigiri awiri a thobwa, palibe m'bale. Pamanda sitisangalala, koma ine ndasangalala.

Lachisanu

Kabaza mpaka ku Lisungwi, fumbi mpaka m'makutu. Ku shopu ya a Yusufu kuli kompyuta imene tonse timalemberapo za sukulu, pakati pa matumba a shuga ndi sopo.

Vuto: ku Mzuzu zauphunzitsi anthu amalimbirana kwambiri, ndipo sindikufuna kutaya mwayi. Ndayang'ana maphunziro amene anzanga sakuwathamangira. Ndapeza a zansomba.

A Yusufu avula magalasi. "Nsomba? Iwe mwana wa kumapiri? Unaionapo yamoyo?"

Ndawauza zoona, kuti ndimadziwa usipa wouma.

"Nanga si iwe unkakonda zisudzo? Zimenezo zili ku Zomba."

Ndikudziwa, bambo. Ndikudziwa bwino lomwe, ndipo zandiwawa kumva munthu wina akunena. Koma ku Zomba kuli mapasa. Gulu la zisudzo yunivesite iliyonse limakhalako, ndipo kuli bwino ndiphunzire mamba a chambo masana, madzulo n'kukhala mfulu pa siteji. Malo onse osankha ndalemba Mzuzu. Nsomba, nkhalango, nsomba zina. A Yusufu afunsa kawiri ngati ndatsimikiza, chifukwa zikapita sizibwerera. Ndadina ndekha.

Zatheka! Ndatuluka ngati ndakwera pa mtambo. Ndadzera njira ya kuseri kwa msika kuti azakhali asandione. Andiona. Ndatsuka mbale, ndatunga madzi, ndikuimba. Ndi komaliza.

Loweruka

Ndaulula m'mawa, onse ali pakhonde.

Amayi afunsa motsitsa: "Ukakadwala kumeneko, adzakuphikira phala ndani?" Izi sindinazikonzekere. Ndinakonzekera kukalipiridwa. Ndayang'ana pansi, ndipo kwa kanthawi ndadziona ngati mwana woipa.

Amalume akuzungulira bwalo, manja kumbuyo, ngati munthu amene ng'ombe yake yasowa. "Kopanda munthu. Mwana wa mlongo wanga, kopanda munthu." Azungulira, azungulira. Mwadzidzidzi aima. Nkhope yawala.

"Achemwali, tikudandaula chiyani? Ndiye kuti tsopano ku Mzuzu tili ndi wathu!"

Amayi aomba m'manja. Inenso ndaomba nawo, poganiza kuti akumbukira munthu wina ndipo zanga zada basi. Ndafunsa kuti wathuyo ndani. Onse akundiyang'ana ine.

Amalume akwera pa chulu.

Pofika masana, alendo ayamba. Mwana wa amalume, Madalitso, amene wakhala akufuna kukasaka ganyu kumpoto koma analibe pofikira: "Ndidzangogona pansi, asisi, masiku ochepa okha." Mayi a kuseri kwa tchalitchi akufuna kuyesa msika wa manachesi ku Mzuzu, akufunsa ngati kunsi kwa bedi langa kungalowe matumba. Gogo wa dzana uja akuti akumva kuti chipatala cha kumeneko chimaona bwino maso.

Ndayesa kufotokoza kuti ku hositelo salola alendo. Amalume akuti n'zosavuta, ndidzapeza kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu, abale adzathandizana. "Munthu wolandira alendo sagona m'chigulu."

Hositelo yagwa. Sindinaione n'komwe.

Lamulungu

Ku tchalitchi alengeza. "Mwana wathu akupita ku Mzuzu, ndipo aliyense wokhala ndi zochita kumpoto aonane naye tikaweruka." Mpingo wonse: "Ameni!" Sindinasankhidwe n'komwe. Zotsatira zidzatuluka miyezi ikubwerayi. Ndauza akulu ampingo zimenezi, akuti ndisakayike, ayamba kale kupempherera.

Ndiye ndi mmene zilili. Ndikasankhidwa, ndikaphunzira nsomba zimene sindinazionepo, m'nyumba yodzaza manachesi, Madalitso ali pansi. Ndikapanda kusankhidwa, ndakhumudwitsa Ligowe yense.

Masana azakhali afika kuchokera ku Lisungwi, atavala zapaukwati, atagwira dzanja mwana wawo wamkazi, Tadala. Chaka chamawa akuyamba Fomu 1. Akhala pa mkeka, amwa madzi, ayamikira nzeru zanga kwa nthawi yaitali mpaka ndayamba kuopa.

"Sukulu za kumpoto akuti ndi zabwino. Iwe unakhala kwathu, tinakusunga ngati mwana wathu. Ndiye uyu ndi wako."

Amayi agwedeza mutu kuvomereza. Amalume agwedeza mutu. Ndimafuna kukana. Ndikane bwanji, nsapato zimene ndavala anandigulira ndi iwo?

Akuluakulu alowa m'nyumba kukakambirana za ulendo umene kulibe. Panja tatsala awiri, ine ndi Tadala. Kamtsikana kaulemu, maso pansi, kakukanda nthaka ndi chala cha kuphazi. Ndamumvera chisoni kwambiri. Ndimafuna kumuuza kuti athawe, asankhe sukulu ya kumene kulibe m'bale. Koma mutu wanga wayamba kale kuwerengera zina: zoyeserera za zisudzo zimakhala madzulo, ndipo pa nthawi imeneyo pakhomo pamafunika munthu woyang'ana moto.

Ndamva pakamwa panga pakufunsa: "Kodi iwe Tadala, ndiwo umatha kuphika?"

Akuti amatha, ndi kuchapa komwe.

Ndasangalala. Ambuye andikhululukire, ndasangalala.