Shati ya Amuna Anga Ikuyanikidwa ndi Wina Tsidya

Olemekezeka a Nduna ya za Maulendo,

Ndagwada pansi, bwana, ine telala wosaphunzira wa pa kachilumba kano, kuthokoza chitukuko. Munatichotsera boti lakale lija, munati limachititsa manyazi pamaso pa alendo, n'kutimangira mabwalo a ndege awiri: lina kuno, lina pa chilumba cha tsidya, kumene amuna anga amaphunzitsa. Zilumbazi n'zoyandikana moti tambala wa uko ndiye amatidzutsa kuno. Poti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiloleni ndinong'one pang'ono.

Choyamba, ndikuyamikira akatswiri anu amene anapeza kuti mtundawu wafupikitsa: ndege ikanyamuka kuno imapitirira tsidya isanapinde n'komwe matayala. Ndiye wofuna kuwoloka amayamba waulukira ku mzinda waukulu, n'kukagona pa benchi kudikira yobwerera. Nzeru zotere ife a singano sitingazifike.

Chachiwiri, ndinayesapo. Mtsikana wa m'ndege anatiuza kuti timange malamba, koma pamene ndimafufuza langa, denga la amuna anga linali litadutsa kale pansi. Mzinda ndinauona, zikomo kwambiri. Pobwerera ndege inakanika kutera tsidya chifukwa ana a sukulu ankasewera mpira pabwalo lanu lokongolalo, ndipo woyimbira mpirawo anali amuna anga omwewo. Ndinawabayibitsa pa windo. Ndegeyo inadzanditula konkuno kwathu.

Chachitatu, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Ndikakhala pakhonde posokera ndimachiona bwinobwino chingwe chawo choyanikapo zovala. Shati ya mizeremizere imene ndinawasokera ndi manja angawa ikuyanikidwa ndi mayi wina. Poyamba ndinadzitonthoza kuti ndi mlongo wawo, koma mlamu wanga ndimamudziwa ine, sayanika kabudula wa m'kati wa mchimwene wake uku akuvina. Mtima ukundiwawa, bwana, sindibisa. Apongozi akuti ngati banja ndikulifuna ndisambire, pamene ine madzi ndimadziwa a m'beseni okha. Msodzi amene akanandiwolotsa, apolisi anu anamulanda bwato chifukwa chopikisana ndi ndege.

Sindikupempha boti ayi. Ndine yani ine woti n'kubwezera dziko m'mbuyo? Ndikungopempha mpando wa pafupi ndi khomo. Tikafika pamwamba pa chingwe chija, woyendetsa asavutike n'kutera, angotsegula chitseko, zotsalazo ndikathana nazo ndekha. Ndikagwa bwino, ndikalanditsa banja langa. Ndikagwa moipa, mudzabwere pamaliro ndi atolankhani anu, mudzalengeze monyadira kuti munthu woyamba wafika tsidya pa ndege.

Ine wanu, wogwada mpaka mawondo kutupa,

Telala wa pakhonde loyang'ana tsidya