Abwana Amasunga Makalata M'bini

Lolemba
Seva, kompyuta yosunga maimelo a bungwe lathu la alimi, ikuyenda ngati ngolo ya mbatata pachitunda. Disiki yadzaza. Pulani yanga: kuyeretsa zonse, kumaliza Lachisanu, Loweruka ndikhale ku Sharpevale pa chinkhoswe cha mlongo wanga. Amayi anena kale: "Ukapanda kubwera, usadzanditchulenso mayi."
A Nachisale, mlembi wathu, akupulinta imelo iliyonse n'kuisunga m'faelo. Masiku ano! Ndawaseka mpaka misozi.

Lachiwiri
Zomwe zadzaza disiki:
vidiyo ya ngoma, yotumizidwa kwa ofesi yonse, aliyense n'kuyankha kwa onse ndi vidiyo yomweyo;
zithunzi za mbatata ya ku Champiti, mbatata imodzimodziyo, mbali zonse;
nyimbo za kwaya ya a Mbewe a muofesi muno.
Ndapempha kuti afufute. Onse avomera mwaulemu. Palibe wafufuta.

Lachitatu
Disiki ina ija, yosungira kope la makalata onse, palibe pamalo pake. Adalaivala athu anaibwereka. "Imangokhalatu, achimwene, simuigwiritsa ntchito." Ntchito yake ndi yomweyo, bambo, kungokhala!
Magetsi athima masana. Batire la seva lafa nthawi yomweyo, poti wina analumikizako ketulo.

Lachinayi
Nzeru zabwera: kukhuthula mabini a maimelo a anthu onse, momwe mumagwera makalata ofufutidwa. Zinyalala ndi zinyalala basi. Kudikira disiki ya kope? Nthawi ilibe mwini, chinkhoswe chayandikira. Ndakhuthula. Seva ikuthamanga bwinobwino. Ndadzigulira chipisi cha mazira awiri. Katswiri ndine.

Lachisanu
Abwana aima pakhomo, nkhope ili gwa. Makalata awo ofunika ali kuti? Mayina a alimi olandira mbewu Lolemba ali kuti? Ndafunsa komwe amasunga. M'bini. Chiyambire ntchito, m'bini! Akuti ndimo mobisika, palibe amatsegulamo.
Yankho ndinali nalo, koma ndili ndi ana. Andiuza ndisachoke pa boma mpaka mayinawo apezeke.

Loweruka
Adalaivala abweza disiki, ataipukuta bwino ndi nsalu. Muli mafilimu a karate okhaokha. Akuti zinazo anachotsa chifukwa sizimaseweredwa.
Amayi ayimba kanayi. Foni ndaitembenuza chafufumimba. Mtima ukuwawa, kunena zoona. Panopa nkhuku aigawana kale.
Madzulo ndaimbira a Nachisale. Mawu anga ndawachepetsa kwambiri.

Lamulungu
A Nachisale afika kuchokera kutchalitchi, mafaelo atatu m'chitenje. Awaika patebulo. "Aja munkaseka aja ndi awa. Musandipindire mapepala."
Ndikulembanso mayina a alimi limodzilimodzi, iwo akundiwerengera ngati mwana wa sitandade wani.
Amayi sakuyankha foni. Mlongo wanga yekha ndiye wandimvera chisoni, wanditumizira vidiyo ya chinkhoswe pa imelo ya kuntchito.
Sinafike. A Mbewe atumizira ofesi yonse nyimbo zatsopano. Disiki yadzazanso.